Utitiri wa mphaka tisauthire mankhwala a chimanga

Kuno ku Mchinji mphaka ndi mlonda. Tikakolola chimanga, mtedza ndi soya, matumba amalowa m'nyumba momwe timagona, poti nkhokwe zapanja ambiri tinazisiya chifukwa cha akuba. Makoswe amalondola matumbawo, ndipo amene amachezera nawo usiku wonse ndi mphaka. Salandira malipiro, amangodya mkute ndi mitu ya usipa. Akatopa amakadzipinda pamkeka pomwe pagona ana, kapena pansalu ya mwana wakhanda imene mayi wasiya pampando. Mphakayo akagwidwa ndi utitiri, pasanathe mwezi nyumba yonse imakhala ikukanda.

Utitiri wa mphaka ndi nkhani ya umoyo wa banja, ndipo suyenera kulekereredwa. Koma njira imene ambiri timauphera, yotapa mankhwala osungira chimanga, a fodya kapena a dibi n'kumuwaza mphaka, ndi yoopsa kuposa utitiri weniweniwo. Imapha mphaka, imaika mwana pachiswe, ndipo utitiri sutha. Ndikulemba ngati namwino ndi mzamba amene ndakhala m'mawodi a ana ndi a amayi kwa zaka zoposa 25, ndipo tsopano ndimaphunzitsa anamwino pasukulu ya mpingo. Ophunzira athu akapita kukaphunzira ntchito m'midzi ya boma lino, nkhani ya mankhwala ogwiritsidwa ntchito molakwika sasowa kubwera nayo.

Utitiri wambiri suli pa mphaka

Kautitiri kamodzi kakakazi kakayamba kuyamwa magazi kamatha kuikira mazira okwana 40 kapena 50 pa tsiku. Mazirawo samamatira ku ubweya. Amayoyokera pansi, pamkeka, m'bulangete, m'ming'alu ya pansi pa nyumba ndi pakati pa matumba. Pakapita masiku ochepa amaswa timphutsi toyera tomwe timabisala pamdima m'fumbi. Timphutsito timadzikulunga m'kachikwa, ndipo m'nyengo yotentha kautitiri katsopano kamatuluka pakangotha masabata awiri kapena atatu chiikirireni dzira. Kukakhala kuti m'nyumbamo mulibe munthu kapena chiweto, kachikwako kamatha kudikira miyezi ingapo. N'chifukwa chake munthu akatsegula nyumba imene inatsekedwa kalekale, utitiri umamukwera miyendo ngati unapangana.

Akatswiri a ziweto amawerengera kuti utitiri umene timauona ukuyenda pa chiweto ndi pafupifupi magawo 5 okha pa magawo 100 a utitiri wonse wa m'nyumbamo. Magawo 95 otsalawo ndi mazira, timphutsi ndi zikwa zomwe zili pansi. Apa ndi pamene pagona nkhani. Ngakhale mutamumiza mphaka m'mankhwala amphamvu chotani, mwangopha kagawo kakang'ono, ndipo sabata yamawa wina watsopano akwera.

Zimene utitiri umabweretsa m'nyumba

Woyamba kuvutika ndi mphaka mwini wake. Mphaka wamkulu amakanda mpaka kusosoka ubweya ndi kuchita zilonda. Tiana ta mphaka timatha magazi ngati mmene amathera mwana wodwala malungo pafupipafupi: nkhama zimayera, timafooka, timasiya kuyamwa, kenako timafa. Ambiri timati tiana tija tafa ndi mphepo, pomwe tayamwidwa.

Kwa anthu, chodziwika kwa aliyense ndi kuyabwa, makamaka m'miyendo ndi m'chiuno. Mwana akakanda ndi zikhadabo zakuda, timatuza timasanduka zilonda zamafinya zomwe timaziona tsiku ndi tsiku kusikelo ya ana. Palinso njoka ya m'mimba ina imene imakulira mkati mwa utitiri. Mphaka amaitenga akameza utitiri podzinyambita, ndipo mwana wokwawa amene amaika chilichonse mkamwa amathanso kuumeza. Mayi amazindikira akaona tizidutswa toyera tonga mpunga m'chimbudzi cha mwanayo. Mankhwala ake alipo kuchipatala, koma utitiri ukapanda kutha njokazo zimabwereranso.

Ndowe za utitiri, timadontho takuda tija timaoneka mukapatula ubweya, zimakhala ndi kachilombo kotchedwa Bartonella. Mphaka akamadzikanda, ndowezo zimalowa m'zikhadabo zake, ndipo akakala munthu kachilomboko kamalowa pachilondapo. Pakapita sabata imodzi mpaka zitatu munthuyo amatupa mwanabere m'khwapa kapena m'khosi, thupi n'kumatentha. Kwa munthu wathanzi nthendayi kawirikawiri imatha yokha, koma kwa amene chitetezo cha m'thupi chatsika, monga amene ali ndi HIV ndipo sakumwa mankhwala mwandondomeko, imatha kufika pachiwindi ndi pakhungu n'kukhala yoopsa. Utitiri umafalitsanso mtundu wina wa nthenda ya typhus, yomwe imabwera ndi kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'thupi, moti munthu angalumbire kuti ndi malungo.

Nthenda yaikulu pa zonse ndi mliri wa makoswe, umene achipatala amautcha plague. Umafala kwambiri ndi utitiri wa makoswe, ndipo mphaka wogwira makoswe amatha kubweretsa utitiriwo m'nyumba, kapena kudwala iye mwini n'kupatsira womusamala. Sindikunena kuti mliriwu wafika ku Mchinji. Koma suli kutali monga timaganizira. Mu 2002 unabuka m'boma la Nsanje, ndipo pofika kumapeto kwa mwezi wa May chaka chimenecho anthu 71 anali atapezeka nawo. Mu 2015 unabuka m'boma la Nyimba, kuchigawo cha kum'mawa kwa Zambia. Nyimba ali pamsewu womwewo wochokera ku Lusaka, wodutsa ku Petauke, Katete ndi Chipata, umene umalowa m'dziko muno pachipata cha Mwami. Pamsewu umenewo pamayenda matumba a chimanga, soya ndi zovala tsiku lililonse, ndipo khoswe ndi utitiri wake safuna chiphaso. Ku Madagascar mu 2017 mliriwu unagwira anthu oposa 2,000 ndi kupha oposa 200.

Ku Nyimba ena mwa odwalawo anapezekanso ndi malungo, ndipo ili ndi phunziro kwa ife achipatala: chipangizo chikaonetsa malungo, tisasiye kumuyeza munthu thupi lonse. Zizindikiro za mliri wa makoswe ndi kutentha thupi kodzidzimutsa, kufooka, ndi mwanabere wopweteka kwambiri m'mphechepeche, m'khwapa kapena m'khosi. Bungwe la WHO limati mtundu uwu wa mliri ukapanda kulandira chithandizo umapha anthu 30 mpaka 60 mwa odwala 100 alionse, chonsecho mankhwala ake alipo ndipo amachiza munthu akafika msanga. Mukaona makoswe akufa okha m'mudzi popanda wowathirira mankhwala, musawagwire ndi manja, ndipo uzani mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo.

Mankhwala amene amapha mlonda

Poona zonsezi munthu anganene kuti bola kuthira chilichonse chomwe chili pafupi. Miyezi ya May ndi June pafupifupi nyumba iliyonse imakhala ndi botolo la mankhwala osungira chimanga, ndipo otsala m'botolo ndi amene amathera pa mphaka. Mankhwala monga Actellic Super anapangidwira anankafumbwe, ndipo pa ntchito imeneyo amathandiza. Mkati mwake muli mankhwala otchedwa permethrin. Galu ndi munthu ali ndi chiwindi chomwe chimatha kuphwanya permethrin n'kumutulutsa m'thupi. Chiwindi cha mphaka chimalephera ntchito imeneyo, choncho mankhwalawo amaunjikana n'kukagwira mitsempha ndi ubongo. Onjezani apo kuti mphaka amadzinyambita tsiku lonse: chimene mwamuwaza pamsana, pofika madzulo chili m'mimba. Pakangopita maola ochepa amayamba kutuluka dovu, kunjenjemera makutu ndi khungu, kudzandira, kenako kuphupha ngati wakhunyu.

Permethrin yemweyo amapezeka m'mankhwala ambiri a utitiri opangidwira agalu. Pena maina amachita kufanana: Advantage ali ndi mtundu wa amphaka, koma Advantix ndi wa agalu okha ndipo amapha mphaka. Ngakhale mphaka wongogona mogundana ndi galu amene wangopakidwa kumene amatha kudwala. Mankhwala a dibi ophera nkhupakupa pa ng'ombe nawonso si a mphaka, ngakhale mutawasungunula. Chimodzimodzi mankhwala opopera fodya, thonje ndi tomato, parafini, oilo wakutha wa galimoto, ndi mankhwala otsukira m'zimbudzi. Madzi onyikamo masamba a fodya ena amawayesa ofatsa poti ndi achikuda, koma chikonga cha fodya chimalowa pakhungu. Amene anathyolapo fodya wonyowa m'mamawa n'kumva chizungulire ndi mseru akudziwa zimenezi, ndiye taganizani kanyama kolemera makilogalamu atatu. Ndipo mphaka akafooka musamupatse Panado pomumvera chisoni. Kwa mphaka, mbulu umodzi wa paracetamol ndi poizoni.

Wina angati mphaka akafa tipempha wina kwa anansi. Koma mankhwala aja sathera pa mphaka. Mwana wa zaka zitatu amamunyamula, kumufungatira, kenako n'kutenga mbatata kudya osasamba m'manja. Mphaka amakagona pabulangete, ufa wa mankhwala n'kutsalira pomwepo. Ena amafika powaza mankhwalawo pamkeka ndi pansi pomwe mwana amakwawa. Mankhwala ambiri a kumunda ndi a m'gulu limene limalowa pakhungu ndi popuma, ndipo thupi la mwana ndi laling'ono moti pang'ono pokha pamakwana. Amene tagwirapo ntchito usiku m'wodi ya ana timadziwa mmene mwana wotere amafikira: thukuta lili noninoni, dovu ndi mamina zikutuluka, akusanza ndi kutsegula m'mimba, timaso tachepa ngati kansonga ka singano, m'chifuwa mukulira. Makolo kawirikawiri sagwirizanitsa zimenezi ndi ufa umene anawaza dzulo. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma pano ndi wamkulu amene wadya, wopotedwa ndi mwana.

Zikachitika, muvuleni zovala, musambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo thamangirani kuchipatala mutanyamula botolo kapena pepala la mankhwalawo, chifukwa ndi limene limatiuza chithandizo choyenera. Musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira. Ku Guilleme, Kapiri, Ludzi kapena kuchipatala chachikulu cha boma, chimene chimapulumutsa ndi kufika msanga ndi kunena zoona. Kwa mphaka amene wathiridwa mankhwala olakwika, msambitseni ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wotsukira mbale, mupukuteni, mumufunditse, ndipo itanani mlangizi wa ziweto.

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asagwire mankhwala ophera tizilombo a mtundu uliwonse, ngakhale oyenera. Ntchitoyo agwire bambo kapena wamkulu wina. Mayi woyembekezera asaolenso ndowe za mphaka ndi manja, chifukwa zimatha kukhala ndi kachilombo kena kamene kamavulaza mwana m'mimba. Zimenezi sizikutanthauza kuti mphaka athamangitsidwe mayi akaima.

Tameki ndi dongosolo lolakwika

Pali cholakwa china chimene chimayendera limodzi ndi ichi. Makoswe akachuluka timagula Temik, amene pamsika amangoti tameki, womangidwa m'timapepala topanda dzina, n'kuthira m'nsima kuseri kwa matumba. Tameki ndi mmodzi mwa mankhwala oopsa kwambiri amene anapangidwapo a kumunda, ndipo mabanja ambiri m'dziko muno analira chifukwa cha iye. Mphaka akadya nsimayo, kapena khoswe amene waidya, amafa. Mlonda wapita, makoswe a kwa anansi alowa.

Chinanso n'chakuti khoswe akafa thupi lake limazizira, ndipo utitiri umamusiya kukafuna magazi ofunda. Oyandikira ndi mphaka ndi anthu. N'chifukwa chake pothana ndi mliri wa makoswe lamulo la achipatala padziko lonse ndi lakuti uyambe wafa ndi utitiri, makoswe pambuyo. Banja limene lapha makoswe khumi usiku umodzi osayamba lasesa ndi kukonza m'nyumba ladzimasulira utitiri wonse umene unali pamakoswewo.

Chimene chimathandiza

Poti utitiri wambiri uli pansi, ntchito yaikulu ndi ya tsache, dzuwa, madzi ndi sopo. Sesani tsiku lililonse mpaka m'makona, kunsi kwa bedi ndi kuseri kwa matumba, ndipo zinyalalazo muziwotche, osaziunjika pakhomo. Mikeka, mphasa ndi matiresi ziyanikidwe padzuwa lamasana. Zofunda zichapidwe ndi madzi otentha. Nyumba yadothi izilidwe kuti ming'alu itsekeke, ya simenti ikolopedwe ndi madzi a sopo. Matumba a chimanga asanjidwe pathandala, motalikirana ndi khoma, kuti tsache ndi mphaka zizitha kudutsa. Nkhuku ndi mbuzi zikhale ndi khola lake, chifukwa nazo zimabwera ndi utitiri wake. Mphaka mupatseni chiguduli chakechake chogonapo, chomwe muzichichapa sabata iliyonse, kutali ndi pogona mwana wakhanda. Zimenezi zichitike kwa miyezi iwiri kapena itatu osadukiza, mpaka zikwa zonse zitaswa. Amene amasesa masiku atatu n'kuti sizikuthandiza wasiyira panjira.

Pa mphaka weniweniyo, chipeso cha mano othinana, chonga chija timachotsera nsabwe, chimagwira utitiri wambiri. Pesani panja, n'kumaviika chipesocho m'madzi a sopo kuti utitiri umire. Musauphwanye ndi zikhadabo monga tinazolowera, ndipo mukamaliza sambani m'manja. Tiana ta mphaka tosakwana masabata 8 sitiyenera mankhwala. Tisambitseni msangamsanga ndi madzi ofunda ndi sopo wofatsa, osalowetsa madzi m'maso ndi m'makutu, n'kutipukuta mpaka titauma chifukwa sitichedwa kuzizidwa.

Mankhwala opangidwira amphaka alipo. Ambiri ndi timadzi tochepa tomwe mumadontheza pakhungu kuseri kwa khosi, pomwe mphaka sangafike ndi lilime, kamodzi pamwezi. Amene ali ndi fipronil, imidacloprid kapena selamectin, monga Frontline ya amphaka, agwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri ndipo ndi odalirika mukatsata malangizo. Onetsetsani kuti papaketi palembedwa kuti ndi a mphaka, msinkhu ndi kulemera kwake zikugwirizana, ndipo tsiku lake silinadutse. Ana asamugwire mphakayo mpaka pamalo paja patauma. Chenjerani: fipronil ndi imidacloprid amagulitsidwanso m'mabotolo a kumunda ophera chiswe ndi nsabwe za mbewu. Dzina ndi lomwelo, koma mphamvu ndi zosakaniza zake ndi zina, ndipo si a chiweto. Ngati simukumvetsa zolembedwazo funsani mlangizi wa ziweto. Safunsa anadya phula.

Zimene ena anganene

Pali amene angati m'dziko limene anthu akusowa mankhwala m'zipatala, kukamba za amphaka n'kutaya nthawi. Ine ndikuona mosiyana. Mwana mmodzi wobwera ndi poizoni amatenga bedi, mpweya, mankhwala ndi namwino wosachoka pambali pake usiku wonse, m'wodi imene namwinoyo ali yekha. Kupewa zimenezo sikulira ndalama. Ndipo thumba la chimanga limene mphaka walipulumutsa kwa makoswe ndi phala la mwana m'mwezi wa February.

Ena angati mankhwala oyenerawo ndi odula ndipo amapezeka ku Lilongwe kapena ku Chipata, osati kwa Mkanda kapena kwa Kamwendo. Izi n'zoona, ndipo sindingauze mayi amene akusowa ndalama ya chigayo kuti azigula mankhwala a mphaka mwezi ndi mwezi. Koma kusowa kwa mankhwala oyenera sikusandutsa olakwika kukhala abwino. Banja limene lilibe ndalama likhale ndi tsache, chipeso ndi dzuwa, ndipo botolo la chimanga likhale la chimanga.

Alipo amene amati chophweka n'kukataya mphaka kudambo, makamaka poti ena amamuganizira zaufiti. Mphaka akachoka, utitiri umene uli pansi sumutsatira. Umaswa, n'kupeza kuti magazi otsala ndi a anthu. Makoswe nawo amabwerera ndi utitiri wawo, womwe ndi woopsa kuposa wa mphaka.

Amene ayenera kuchitapo kanthu

Bungwe la Pesticides Control Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000, ndilo lili ndi udindo woona mankhwala amene akulowa ndi kugulitsidwa m'dziko muno. Boma la m'malire ngati lathu likufunika diso lake kuposa ena, chifukwa katundu wambiri amadutsa njira zachidule panjinga. Mankhwala ogulitsidwa m'timapepala ndi m'mabotolo a zakumwa, opanda dzina kapena malangizo, achotsedwe m'misika yathu. Eni sitolo zogulitsa zipangizo zaulimi azifunsa wogula kuti mankhwalawo akukachita nawo chiyani, ndipo akamva kuti ndi a mphaka kapena owaza m'nyumba, akane.

Alangizi a ziweto akamayenda ndi katemera wa chiwewe, makamaka chakumapeto kwa September pamene dziko lonse limakumbukira nthendayi pa 28, anthu amakhala atasonkhana kale ndi agalu ndi amphaka awo. Mphindi zisanu zofotokoza za utitiri ndi mankhwala oletsedwa sizingachedwetse mzere. Mabungwe monga LSPCA ya ku Lilongwe ndi ophunzira zaudokotala wa ziweto ku LUANAR angathandize kukonza uthengawo m'Chichewa, pakapepala kamodzi ka zithunzi.

Ife achipatala tili ndi gawo lathu. Mwana akabwera ndi zilonda zoyabwa, mwanabere kapena kutentha thupi kumene si malungo, tizifunsa ngati pakhomo pali mphaka, agalu, makoswe, ndiponso ngati pathiridwa mankhwala alionse. Ophunzira anga ndimawauza kuti mafunso amenewa alowe m'mutu ngati mmene linalowera funso la masikito. Kusikelo ya amayi oyembekezera, pomwe timaphunzitsa kale za zakudya ndi malungo, tiwonjezerepo za kasungidwe ka mankhwala a kumunda: pamwamba, motsekedwa, m'botolo lake lomwe, kutali ndi ufa.

M'miphakati ndi m'magulu a amayi a m'maparishi athu timakambirana kale za manyowa, banki m'khonde ndi zimbudzi. Mwezi wokolola usanafike, gulu lililonse lipatule tsiku limodzi lokamba za makoswe, utitiri ndi mankhwala, ndipo liitane mlangizi wa zaumoyo ndi wa ziweto kuti akhale pamkeka umodzi. Mabanja oyandikana agwirizane sabata yosesa, kuzira ndi kuyanika zogonera onse pamodzi, poti mphaka wa nyumba imodzi amayenda m'nyumba zisanu. Kumene kuli kotheka, gulu lisonkherane n'kutuma munthu mmodzi wopita ku Lilongwe kukagula mankhwala oyenera kusitolo yovomerezeka ya mankhwala a ziweto, mlangizi n'kudzawasonyeza kapakidwe kake.